Kalata ya ana a ku CDSS: tiikepo dzanja motani?

Mlembi:
Akuluakulu nonse, mwaswera bwanji. Kalata ya ana a ku CDSS, sekondale yoyendera ya kwathu ija, mwaiona. Mwachidule, ana a Fomu 3 anayambitsa okha kagulu kothandiza anzawo osowa. Amasonkherana sopo, makope, zolembera, wina mbale ya chimanga, n'kumapatsa amene zawavuta, makamaka aja amachita lendi tinyumba pafupi ndi sukulu n'kumadziphikira okha. Tsopano akuti zawakulira, akupempha kuti gulu lathu liwathandize. A Wapampando ati tikambirane pano tisanafike pa msonkhano wa mwezi uno.

Wa ku Joni:
Apa palibe chovuta achimwene. Ife a kuno tisonkha, titumiza pa Mukuru, anawo agule okha zimene akufuna poti mavuto awo akuwadziwa ndi iwo. Chathu n'chakuti atitumizire zithunzi za olandirawo tiike pa Facebook, anzathu ena akaona adzaponyanso kangachepe.

Msungichuma:
Ndalama m'manja mwa ana ayi. Sikuti ndi akuba, koma tiwasenzetsa katundu woposa msinkhu wawo. Nambala ya Airtel Money kapena Mpamba imalembedwa m'dzina la munthu mmodzi. Kwawo kwa mwana ameneyo kukagwa matenda, makolo amuuza kuti tibwereke tidzabweza, ndipo iye sangakane. Foni ikabedwa nkhani yathera pomwepo. Komanso kwacha yathuyi mukuidziwa, mu Novembala 2023 inagwa ndi 44 peresenti nthawi imodzi. Ndalama yosungira Januwale imakafika itaonda. Tizigula katundu pa nyengo imene watchipa, tisunge katunduyo. Ndalama idutse ku akaunti ya gulu ija timasaina anthu awiri.

Mlangizi wa zaulimi:
Tiyambe tawerengera chakudya, chifukwa ndi pamene magulu ambiri amalonjeza zimene sangakwanitse. Mwana wa sekondale wodya nsima kawiri patsiku amamaliza ufa pafupifupi makilogalamu 12 pamwezi. Titenge ana 20. Pamwezi ndi makilogalamu 240, pa teremu ya miyezi itatu ndi 720, ndiye kuti matumba 15 a makilogalamu 50 kuphatikiza zotayika kuchigayo. Chaka chonse ndi matumba 45. Amenewo ndi a mgaiwa. Mukafuna ufa woyera muwonjezere, chifukwa pokonola gaga amachotsa gawo lalikulu ndithu.

Msungichuma:
Matumba 45 sitingathe, ndinene poyera.

Mlangizi wa zaulimi:
N'chifukwa chake ine ndikuti titenge teremu yachiwiri yokha, Januwale mpaka Malichi. Sepitembala mwana amachoka kwawo ndi kathumba ka ufa, Meyi wakolola kumene. Amene amasowa m'kalasi amasowa mu Febuluwale, atapita kuganyu yopalira ndi kubandira kuti apeze chodya. Matumba 15 amenewo tigule Meyi kapena Juni kwa alimi a kumudzi konko, osati Januwale kwa mavenda.

Koma chimanga cha Meyi chimapusitsa, chimaoneka chouma chili chachiwisi mkati. Tengani botolo lagalasi louma bwino, muikemo chimanga chodzaza dzanja ndi supuni ya mchere wouma, mukhutchumule kwa kanthawi. Mchere ukamatirira m'mbali mwa botolo, chimangacho chiyanikidwenso. Chikalowa m'thumba chili chinyontho chimachita chuku, ndipo chuku cha chimanga ndi poizoni, sichitha ndi kuphika. Chipetedwe, zowola zitayidwe. Kusunga kwake ndi m'matumba a PICS, aja ali ndi mapulasitiki awiri mkati ndi saka kunja. Pulasitiki iliyonse ifinyidwe mpweya n'kumangidwa payokha, kenako saka. Anankafumbwe amafera momwemo posowa mpweya, mankhwala safunika. Chimene chimawononga ndi ziwiri: khoswe akaboola, ndi munthu wotsegulatsegula kuti atapeko pang'ono. Thumba likatsegulidwa lipite lonse kuchigayo. Matumba akhale pamathabwa, asagunde khoma. Ndipo musagayitse onse nthawi imodzi, mgaiwa ukakhalitsa umawawa. Azigayitsa za masabata awiriawiri, ndalama ya chigayo ilembedwe mu bajeti, imaiwalika kawirikawiri.

Mayi a Mother Group:
Zikomo alangizi. Nsima yokhayokha sadya. Nyemba makilogalamu awiri pamwana pamwezi zikwana, ndipo kuno ku Dedza zimapezeka bwino zikangokololedwa. Vuto la nyemba ndi nkhuni. Mwana wolowa m'kalasi m'mawa alibe maola atatu okoleza moto, komanso dzinja nkhuni zimakhala zonyowa. Aziviika usiku, ndipo aziphika mphika umodzi anayi kapena asanu m'malo moti aliyense akoleze mbaula yake. Muikepo soya pieces za tsiku lothina, zimapsa msanga. Mchere ndi kabotolo ka mafuta musaiwale.

Mphunzitsi wopuma:
Zonse mwanenazi n'zabwino, koma kagulu ka ana kotere sikafa ndi kusowa chimanga. Kamafa ndi kasankhidwe ka olandira. Mukawasiya ana okha, amasankha anzawo ocheza nawo, ndipo mwana wosaukitsitsa nthawi zambiri ndi uja wachete wokhala kumbuyo, amene savomera n'komwe kuti wagona ndi njala. Mukawasiyira aphunzitsi okha, amasankha anzeru m'kalasi. Mukawasiyira amfumu, mukudziwa kale.

Njira yake ikhale iyi. Paikidwe bokosi lokhoma pamalo poti munthu akhoza kuponyamo kapepala osaonedwa. Mwana alembe dzina lake kapena la mnzake ndi chimene chikusowa. Mphunzitsi wa kalasi ayerekeze maina amenewo ndi rejisitala: ndani amajomba Lolemba ndi Lachisanu, ndani amalemba maphunziro anayi m'kope limodzi. Kenako amayi a Mother Group akafike kumene mwanayo amagona, akaone ndi maso. Dzina lidutse pokhapokha mbali zitatuzi zavomereza. Mndandanda uziunikidwanso teremu iliyonse, chifukwa maliro amodzi amasintha banja.

Za zithunzi zija achimwene a ku Joni, pepani, ayi. Mwana wa zaka 16 mukamujambula atanyamula sopo, mawa anzake amupatsa dzina, ndipo dzina la kusukulu silichoka. Ena amalolera kusiya kulandira. Pa asembule asaitanidwe aliyense. M'buku lotuluka kunja mulembedwe manambala, maina akhale ndi aphunzitsi oyang'anira kaguluko.

Wa ku Joni:
Ndamva aphunzitsi, koma inunso mumve mbali yathu. Munthu wogwira ntchito usiku kuno akatulutsa ndalama amafuna aone kumene yapita. Zachitukuko zambiri zafera m'matumba mwa anthu. Popanda umboni, ulendo wachiwiri sasonkha.

Msungichuma:
Umboni ulipo wina. Tijambule matumba ali m'sitolo, malisiti, ndi tsamba la buku losonyeza zolowa ndi zotuluka. Kumapeto kwa teremu ahedi atipatse chiwerengero: mwa ana amene tinawathandiza, angati amaliza teremu ndi kulemba mayeso. Chimenecho chimanena zambiri kuposa nkhope ya mwana.

Namwino:
Ndilowepo pa za atsikana, poti m'kalatamo angolemba kuti "zofunika za atsikana", manyazi. Akunena mapadi. Ogula m'sitolo amatha mwezi womwewo, ndiye kwa gulu ngati lathu ochapa ndi amene angatipepukire. Koma kupereka padi yokha n'kungotaya nsalu. Mtsikana mmodzi afunika mapadi osachepera 6, mapanti atatu, sopo, kandowa kakekake ndi kachikwama kosadontha koikamo yogwiritsa kale ntchito ali kusukulu. Wopanda panti padi alibe poikoleka, izi anthu ambiri saziganizira. Asinthe pakatha maola anayi kapena asanu ndi limodzi. Pochapa ayambe waviika m'madzi ozizira, otentha amaumitsa magazi pansalu. Pamene zimalakwika kwambiri ndi poyanika. Chifukwa cha manyazi amayanika kunsi kwa mphasa kapena m'chikwama, padi siuma, imanunkha, kenako kuyabwa ndi zilonda. Iyanikidwe padzuwa, akafuna aphimbe ndi kachitenje kopyapyala. Dzinja imachedwa kuuma, n'chifukwa chake ndikuti 6 osati atatu. Ndipo a komiti ya sukulu aone kuti chimbudzi chimodzi cha atsikana chili ndi chitseko chokhoma mkati ndi ndowa ya madzi.

Telala wa ku Area 25:
Kusoka kwake sikovuta. Utali masentimita 25, ya usiku 30. Pamwamba nsalu yofewa ya thonje, fulanelo ndiye yabwino. Pakati thaulo magawo awiri kapena atatu. Pansi kansalu kosalowa madzi konga ka ambulera. Mapiko awiri okhala ndi batani lodina. Nsalu ichapidwe isanadulidwe, apo ayi ikadzachapidwa koyamba imakwinyika, padi n'kupindika. Musagule nsalu yoterera ya poliyesitala chifukwa chotchipa, siimwa madzi. Mtundu ukhale woderako. Mathaulo a pa kaunjika amagwira ntchito bola awiritsidwe kaye. Atsikana a kaguluko akaphunzitsidwa Loweruka ziwiri akhoza kumasoka okha, ngakhale pamanja.

Yunifolomu musayambe n'kugula. A Fomu 4 akamamaliza MSCE apemphedwe kusiya zawo, koma pempholo lichitike mayeso asanathe, akangobalalika simuwapezanso. Kolala yotha imatembenuzidwa, zipi imasinthidwa. Zosoka zatsopano ndimasiya mpendero wa masentimita asanu kuti mwana akatalika angomasula. Ndipo kwathu Juni ndi Julayi kumazizira, juzi ndi yofunika kuposa shati yachiwiri.

Mayi a Mother Group:
Chimodzi ndinene mosabisa. Katundu wa atsikana aziperekedwa ndi mphunzitsi wamkazi kapena ife amayi, pali anthu awiri. Mwamuna aliyense, kaya mphunzitsi kaya pulifekiti, asakhale ndi mphamvu yoti iwe ulandira iwe ayi. Pamene pali njala ndi munthu mmodzi wogwira kiyi, pamabuka za "undipatsa chiyani". Tikatero tidzakhala tabweretsa mimba ndi sopo wathu yemwe.

Wa ku Joni:
Apo ndavomera mayi. Nanga bwanji osawagulira mbewu ndi feteleza alime munda wa sukulu, adzidalire? Kupatsa chaka ndi chaka titopa.

Mphunzitsi wopuma:
Munda wa sukulu umamveka bwino pamsonkhano. Taonani kalendala. Kubzala ndi kumapeto kwa Novembala kapena Disembala, nthawi ya mayeso a teremu yoyamba. Kupalira ndi kuthira feteleza woyamba kumagwera pa holide ya Khirisimasi ana atapita kwawo. Pobwera Januwale apeza tchire. Ndiye amene amatumidwa kumunda ndi omwe aja osauka, poti akuti ndi amene adzadye, anzawo ali m'kalasi.

Mlangizi wa zaulimi:
Aphunzitsi akunena zoona pa chimanga. Ekala imodzi imafuna mbewu makilogalamu 10, thumba la NPK ndi la Urea, ndipo mukachedwa kuthira mwataya ndalama. Koma musautaye wonse mundawo. Soya safuna feteleza wambiri, amangofuna inokulanti, uja timasakaniza ndi mbewu pobzala kuti mizu izidzipangira chonde, ndi kubzala mizere iwiri ya mbewu pamwamba pa mzere umodzi. Theka la ekala likwana, aligulitse agule makope. Kupalira kwa pa holide makolo a PTA atenge tsiku limodzi. Ana azilowa m'munda Loweruka lokha, onse a kaguluko, olandira ndi osalandira. Dimba la masamba likhale pafupi ndi mjigo, ndipo mpanda uyambe, chifukwa anthu akakolola mbuzi zimamasulidwa.

Mphunzitsi wopuma:
Soya ndilola, bola asakhale pa bajeti ngati ndalama yobwera ndithu. Za makope: mwana amatenga maphunziro asanu ndi atatu kapena kuposa. A Fomu 3 ndi 4 apatsidwe mahadikava, chifukwa manotsi a zaka ziwiri ndi amene amalembera MSCE, kope lofewa silifika. Tigule pa katoni ku mahosela a ku Lilongwe mu Ogasiti, sukulu zisanatsegulire mitengo isanakwere. Calculator ndi insitulumenti zisaperekedwe, zizibwerekedwa: zilembedwe nambala, mwana asaine, abweze akamaliza mayeso. Zofuna ndalama zambiri pa mwana mmodzi zisalowe m'thumba limeneli, mwana mmodzi angamalize sopo wa ana khumi. Maina oterowo ahedi awatumize ku ofesi ya Social Welfare kuboma ndi ku mabungwe opereka mabasale monga CAMFED.

Wapampando:
Zikomo nonse. Ine mantha anga ndi amodzi: tingawalande anawa chinthu chawo. Tikafika ndi matumba 15 n'kuyamba kulamula, iwo asiya kusonkha, aziti a ku tauni abweretsa. Ndiye ndikuti gulu lathu liziwonjezera pa zimene iwo asonkha. Iwo apitirize sopo, zolembera ndi mbale ya chimanga pa teremu yachitatu. Ife titenge zolemera: chimanga cha teremu yachiwiri, nsalu za mapadi, mahadikava. Buku azilemba okha, msungichuma wathu azingoliona kamodzi pa teremu. Ndipo ahedi auzidwe momveka kuti kusonkhaku n'kwaufulu. Tsiku limene mwana adzabwezedwe pakhomo chifukwa sanabweretse mbale ya chimanga, ife tichokamo.

Namwino:
A Fomu 3 amene anayambitsawa chaka chamawa ali pa mayeso, kenako achoka. Komiti yawo ikhale ndi ana awiri a Fomu 1 ndi awiri a Fomu 2 kuyambira pano, mnyamata ndi mtsikana.

Mlembi:
Ndalemba zonse. Chatsala ndi kosungira. Kusukulu chipinda chilipo koma denga limadontha mbali ina, ndipo pa holide kumakhala mlonda mmodzi.

Msungichuma:
Maloko awiri pachitseko chimodzi. Kiyi wina kwa mphunzitsi woyang'anira, wina kwa amayi a Mother Group, mwana wa komiti azikhalapo ndi buku potsegula. Kunyumba kwa munthu ayi, ngakhale kwa abusa.

Mayi a Mother Group:
Kiyi tisunga. Koma denga likonzedwe chimanga chisanagulidwe, ndipo wina apite akawerenge malata ofunika kusintha, tisamve zongoyerekeza. A Mlembi, muwayankhe anawo sabata ino, ndipo muwafunse kaye ngati ana 20 tikunenawa ndi chiwerengero chimene iwo ali nacho m'buku mwawo.