Njiwa zandithera mpiru kuno ku Leicester: kodi ndingazikole n'kudya?

Akuluakulu, ndigawireni nzeru, makamaka inu amene mwakhalitsa kuno ku England. Ndimachita lendi nyumba yokhala ndi kabwalo kuseri, ndipo eni ake anandilola kutipula mbali imodzi. Ndinadzala mpiru, repu, kabichi, nsawawa m'mphepete mwa mpanda, ndi maungu mapando angapo kuti tizipezako nkhwani. Ana anga safuna masamba a m'mapaketi, ndipo ine ndimafuna akule akudziwa ndiwo za kwawo.

Vuto ndi njiwa zikuluzikulu zija amati woodpigeon, zotuwa, za banga loyera pakhosi mbali zonse ziwiri ndi mzere woyera pamapiko zikamauluka. Zimatera kum'mawa ine ndisanaweruke ku ntchito ya usiku. Pofika ndimapeza tsamba la mpiru langotsala mitsempha yokhayokha, ndipo nsawawa zazulidwa zikungomera kumene. Nkhwani sizikhudza, koma mpiru ndi kabichi sizisiya. Ndinapachika ma CD akale ndi mapepala a pulasitiki, zinaopa masiku oyamba basi, tsopano zimatera pomwepo.

Sindibisa, nkhuli nayonso ilipo. Mbalame imodzi ndi yonenepa pafupifupi theka la kilogalamu, ndipo yanenepera ndiwo zanga zomwe. Kwathu ku Ntcheu nkhani ikanatha ndi ulimbo, diwa kapena legeni. Ndiye mafunso anga ndi awa: kodi ndingatchere msampha m'bwalo langa? Nanga mfuti za mpweya zimene ndimaziona m'mashopu ena, zikuloledwa? Ndipo nyama yake ndi yabwino kudyetsa ana? Ndili pa visa ya ntchito, sindikufuna chinthu chimene chingandidetsere mbiri.

Mayi wa ku Manchester:
Achimwene, za ulimbozo zisiyeni kutali ndithu. Lamulo la Wildlife and Countryside Act la 1981 limateteza mbalame zonse zakutchire, zisa zake ndi mazira omwe, ndipo ulimbo linautchula ndi dzina pa njira zoletsedwa, pamodzi ndi uta ndi mbedza. Wopezeka wolakwa atha kulipitsidwa chindapusa kapena kumangidwa mpaka miyezi 6. Ndipo musaganize kuti kuseri kwa nyumba kulibe okuonani. Maneba a kuno amayang'ana pa zenera la pamwamba, ndipo ambiri amaziikira okha chakudya mbalame zomwezo. Akaona njiwa ikuphupha pa kamtengo, foni ku RSPCA, bungwe loteteza zinyama ku nkhanza, kapena ku polisi aimba nthawi yomweyo.

Bambo wa ku Lincolnshire, wogwira ntchito pa famu:
Mayiwa anena zoona, koma nkhaniyi ili ndi mbali ina. Woodpigeon imaphedwa kwambiri kuno, alimi salimba nayo mtima chifukwa imasakaza minda ya repu wa mafuta m'nyengo yozizira. Chimene chimaloleza ndi chilolezo cha aliyense chimene Defra, unduna wa boma woona za chilengedwe ndi ulimi, imatulutsa, dzina lake GL42. Simulembera kalata kuchipempha ayi, koma muyenera kuchiwerenga ndi kutsata zonse zimene chanena, apo ayi mwaphwanya lamulo la 1981 lija.

Pamene anthu athu amasokonezeka ndi apa. Chilolezocho chimakulolani kupha njiwa pofuna kuletsa kuonongeka kwakukulu kwa mbewu, masamba, zipatso kapena chakudya cha ziweto. Kufuna ndiwo si chifukwa chimene chinalembedwamo. Mukaipha poteteza mbewu, kuidya palibe choletsa, ngakhale kuigulitsa n'kololedwa. Koma wapolisi atakufunsani inu n'kuyankha kuti ndimafuna nyama, mwadzimanga nokha. Chinanso, chimafuna kuti muyeseko kaye njira zosapha monga kuopseza ndi kuphimba mbewu. Munthu wa maekala ambiri atha kunena mosavuta kuti sangaphimbe munda wonse. Inu a mabedi angapo kuseri kwa nyumba, mungafotokoze bwanji kuti neti inakukanikani? Apo ndi pamene ndikuona kuti mlandu wanu ungakhale wofooka.

Komanso fufuzani chikalata cha chaka chino pa tsamba la pa intaneti la boma, chifukwa zilolezozi zimasintha. Mu 2019 zinaimitsidwa mwadzidzidzi gulu lina la Wild Justice litakadandaula ku khoti, ndipo zimene zinabwera pambuyo pake zinali zokhwimirapo.

Mnyamata wa ku Coventry:
Madala, musachite mantha kwambiri. Mfuti ya mpweya yosapitirira mphamvu ya 12 ft lb sifuna laisensi ku England ndi Wales bola muli ndi zaka 18. Anthu ambirimbiri ali nazo.

Bambo wa ku Lincolnshire:
Kugula n'kosavuta, inde. Koma kachipolopolo kakangodutsa mpanda wanu n'kugwera kwa neba, umenewo ndi mlandu pawokha, ngakhale kasalase munthu. Mabwalo a nyumba zogundizana za ku Leicester ndi ang'onoang'ono, ndipo njiwa imakonda kutera pamwamba pa mpanda penipeni kapena pa denga la kashedi, pamene mukaphonya chipolopolo chimapita kwa eni ake. Kuombera pafupi ndi msewu, mamita ngati 15 kuchokera pakati pake, n'kudzidzimutsa kapena kuika pangozi wodutsa, ndi mlandu winanso. Onjezerani apo kuti nyumbayo si yanu, muone kaye zimene pangano la lendi likunena. Nthenga za mbalameyi ndi zochindikala, wosazolowera amangoivulaza n'kuthawa ikukoka phiko. Imeneyo ndi nkhanza, ndipo sindingakulimbikitseni.

Mlongo wa ku Glasgow:
Kwa amene akuwerenga ali kuno ku Scotland, zimene mnyamatayo wanena si zathu. Kuyambira pa 31 December 2016 mfuti ya mpweya imafuna satifiketi yochokera ku Police Scotland, ndipo zilolezo za mbalame amatulutsa ndi a NatureScot. Ku Wales nakonso ali ndi zawo. Musatengere za ku England.

Agogo a ku Luton:
Mwana wanga, ine ndalima masamba m'dziko lino nthawi yaitali, ndipo chimene chinandithetsera nkhondo ndi njiwa ndi neti basi. Koma pali kaikidwe kake. Mukangoiyala pamwamba pa mpiru, njiwa imatera pomwepo, kulemera kwake n'kukanikiza neti mpaka pa masamba, n'kumajompha kudzera m'timaboowo. Pezani paipi ya pulasitiki ya buluu ija ya madzi, muidule zidutswa, muzipinde ngati uta n'kuzika m'mbali mwa bedi. Neti ikhale pamwamba pake, yokungika bwino, chikhato chathunthu kuchokera pa tsamba lalitali kwambiri. M'munsimo mupsinje ndi njerwa kapena matabwa, chifukwa njiwa imayenda pansi n'kulowa pa mpata uliwonse. Neti yolendewera imakola timbalame ting'onoting'ono ndi akanungu, choncho muziyendera m'mawa ndi madzulo. Sankhani ya timaboo tating'ono, idzakutetezaninso ku agulugufe oyera amene amaikira mazira pa kabichi.

Mpiru umene wadyedwawo musauzule. Ngati nsonga ya pakati ilipo, uphukiranso. Thirirani, ikani manyowa pang'ono.

Ndipo kumbukirani kuti njiwa zimenezi zimaswa nthawi yaitali, mpaka chakumapeto kwa chilimwe cha kuno. Zimaikira mazira awiri. Mukapha make mu July kapena August, mwina mwasiya maunda awiri akufa ndi njala mu mtengo wa neba.

Namwino wa ku Birmingham:
Ndiyankheko za nyama. Woodpigeon ndi nyama yabwino, yofiira kwambiri, yopanda mafuta ambiri, ndipo m'malesitilanti a kuno amaigulitsa modula. Musaisokoneze ndi nkhunda za m'tauni zimene zimatola zinyalala pa siteshoni, zimenezo ine sindingadye. Musaisokonezenso ndi stock dove, yocheperapo, yopanda zoyera pakhosi ndi pamapiko, chifukwa imeneyo chilolezo chija sichiikhudza. Mbalame imene mwaipeza itafa yokha, kapena yazyolika yosathawa munthu, musaigwire ndi manja, chimfine cha mbalame chilipo m'dziko muno. Ina imakhala ndi zotupa zachikasu kukhosi, imeneyonso itayeni. Ya kuomberedwa, chekani n'kutaya nyama yozungulira pamene chipolopolo chinadutsa. A Food Standards Agency, bungwe la boma loona za ubwino wa chakudya, amachenjeza kuti ana aang'ono ndi amayi oyembekezera asamadye pafupipafupi nyama yophedwa ndi zipolopolo za mtovu.

Bambo wa ku Lincolnshire:
Ngati nkhuli ndiyo yakula, njira yowongoka ilipo. Mabutchala ogulitsa nyama zakutchire amakhala nazo, yathunthu kapena nganga yokha, ndipo pa misika ya alimi sizisowa. Anthu amene amaombera m'mafamu nthawi zina amapha zochuluka moti amangogawa. Amene akufunadi kuphunzira kuombera, alowe bungwe la alenje la BASC, apeze inshuwalansi ndi mlimi womupatsa chilolezo cholemba, akaombere ku munda kumene kuli malo.

Mayi wa ku Manchester:
Mukapeza, nganga yokha musaiphike nthawi yaitali, imauma n'kumanunkhira ngati chiwindi. Mphindi zochepa mbali iliyonse pa chiwaya chotentha zakwana. Yathunthu ndiye muisosole, muiwaule, muikazinge ifiire, kenako tomato ndi anyezi pa moto wochepa mpaka miyendo ifewe. Ndi nsima imatsika bwino.

Wofunsa:
Zikomo nonse, makamaka agogo a ku Luton ndi bambo a ku Lincolnshire. Za mfuti ndi msampha ndazisiya, bwalo langa ndi lopanikizika ndipo mbali zonse ziwiri kuli ana amene amasewera panja. Loweruka ndikagula neti ndi paipi. Agogo, nsawawa zikayamba kuyanga mpanda ndiziphimbe bwanji, poti uta wa paipi sungafike msinkhu umenewo? Ndipo amene ali kuno ku Leicester kapena ku Nottingham akudziwa butchala yogulitsa njiwa yathunthu ya mafupa ake, andilembere ku inbox, chifukwa ana akufuna miyendo.