Ndani angandiphunzitsire ng'ombe kukoka ngolo kuno ku Ngabu?

Moni nonse abale anga m'gulu muno. Ndili ndi ng'ombe ziwiri zofula, zazaka zitatu, zomwe ndikufuna ziphunzire goli kuti zizikoka ngolo thonje likayamba kukololedwa. Vuto ndi kupeza munthu woti ndimusiyire ndi mtima pansi.

Ine ndi mlamu wanga tinayesa kwa milungu iwiri, kuzikoketsa chipika m'mamawa dzuwa lisanaswe mtengo. Yakuda imamva, koma yofiira ikangomva goli pakhosi imagona pansi osadzuka. Kenako ndinazipereka kwa bambo ena cha ku Nchalo. Zinabwerako nthiti zikuwerengeka, yofiirayo ili ndi bala pakhosi ndi mikwingwirima ya chikoti. Mpaka lero ikaona chingwe imanjenjemera, ndipo zimandiwawa, poti ndinailera ndekha mayi wake atapita ndi madzi a Cyclone Freddy mu 2023.

Kodi alipo amene mukumudziwa pakati pa Chikwawa ndi Bangula, wophunzitsa mosamenya, wokhala ndi khola lamthunzi ndi madzi pafupi, wolola mwini kumabwera kudzaona? Amalipiritsa bwanji, ndipo zimatenga milungu ingati? Ndifunse chiyani tisanapangane? Chonde ndithandizeni.