Nkhani ya nguluwe m'minda ya m'mphepete mwa nkhalango ya Ntchisi

Wapampando wa gulu la ochokera ku Ntchisi okhala m'matauni (Lilongwe): Abale ndi alongo, mafumu a kwathu atumiza dandaulo lakuti nguluwe zochokera m'nkhalango ya Ntchisi zayambanso kulowa m'minda, ndipo mabanja amene amalima m'munsi mwa phiri ndiwo avutika kwambiri. Pali maganizo awiri pa ndalama zimene tinasonkha chaka chino: ena akuti tilembe alenje akachite uzimba, ena akuti timange zilindo ndi kukumba ngalande. Ndikupempha kuti aliyense ayankhule momasuka tisanagwirizane chimodzi.

Mkulu wa kumudzi: Zikomo a Wapampando. Ana anga a m'tauni, musanatumize munthu aliyense kutchire muyambe mwaidziwa nyamayi. Nguluwe si njiri imene mumaiona masana itaimika mchira. Iyi imagona m'zitsamba zowirira dzuwa lonse, n'kutuluka usiku m'kagulu, yaimuna ndi yaikazi pamodzi ndi ana. Wofuna kudziwa kumene zikuchokera alawire m'mamawa mame asanaume, ayambire pamene zafukula mbatata kapena chinangwa, kenaka atsate mapazi chobwerera mpaka apeze mkwaso wolowera m'nkhalango. Mkwasowo sizisinthasintha ngati palibe chaziopsa. Kudambo mudzapeza chithaphwi chimene zimagubuduzikamo, ndipo pafupi pake pamakhala mtengo wopakika matope m'tsinde, nthawi zina ndi ubweya womatirira, chifukwa zimadzikhula pamenepo. Matopewo akakhala aawisi ndiye kuti zadutsa usiku womwewo. Maso a nguluwe saona patali, koma mphuno ndi makutu n'zakuthwa, choncho wozilondola ayende mphepo ikumuwomba kumaso, osati kumsana. Ine ndikuti alenje abwere, chifukwa chimanga chikangofika pa mondokwa, usiku umodzi wokha ndime yonse imagwa.

Mphunzitsi wopuma ntchito (Kasungu): Amalume afotokoza mwaluso, ndipo palibe wa ife amene angawaphunzitse za tchire. Koma ndikukana kuti gulu lathu lilipire uzimba. Nkhalango ija ndi yotetezedwa, ili m'manja mwa nthambi ya zankhalango, ndipo lamulo la nyama zakutchire limene linakonzedwanso mu 2017 linakhwimitsa zilango kwa osaka popanda chiphaso ndi otchera makhwekhwe a waya. Tikapereka ndalama kwa anyamata n'kugwidwa, amene adzagone kundende ndi iwowo, ife tili phee m'nyumba zathu m'tauni. Khwekhwe nalonso silisankha: limakola gwape, galu, ngakhale mbuzi ya mwini munda yemweyo.

Membala wa ku Johannesburg: Aphunzitsi, lamulo tikulilemekeza, koma mayi anga amagona panja chifukwa cha nyama zimenezi. Kodi tidikire mpaka nkhokwe zikhale zopanda kanthu? Ngati uzimba ukuletsedwa, tiuzeni chimene chingachitike mwezi uno.

Msungichuma (Blantyre): Achimwene, nkhawa yanu ndi yathu tonse, ndipo palibe akunena kuti tikhale manja lende. Ine ndiwonjezere chimene sichinatchulidwe. Mabanja ambiri kwathu amalipira fizi ndi ndalama ya nkhumba, ndipo nguluwe zimatha kukhala ndi kachilombo ka chigodola cha nkhumba izo osadwala. Matendawa alibe mankhwala, ndipo akalowa m'khola amatha kupululutsa nkhumba zonse m'masiku ochepa. Nyama ya uzimba ikagawidwa m'mudzi, zotsalira ndi madzi otsukira zimathera kukhola, makamaka kumene nkhumba zimangoyendayenda zosatsekeredwa. Titha kupulumutsa chimanga n'kutaya ziweto. Komanso nguluwe yovulazidwa siithawa nthawi zonse, imatembenukira munthu ndi mano ake aja, ndipo kuchokera m'munsi mwa phiri kukafika kuchipatala cha paboma ndi mtunda.

Mkulu wa kumudzi: Mwana wanga, za chigodola wanena zoona, tinaziona makola akutsala opanda kanthu. Koma ngalande zanuzo mukumbe mwanzeru. Kuzinga minda yonse simungathe, ndipo mpanda wa mitengo nguluwe imaukumba pansi n'kudutsa. Ngalande ikhale yakuya, ya m'mbali mowongoka, ndipo ikumbidwe pamene mikwaso imatulukira, chilindo chikhale chapafupi koma kumene fungo la munthu lingapite kunkhalango. Olinda asinthane, akhale ndi tochi yowala kwambiri, agalu ndi zitini zoimba, ndipo asunthe moto ndi phokoso kawirikawiri, chifukwa nyamayi ikazolowera chinthu imasiya kuchiopa.

Wapampando: Ndamva mbali zonse. Ndikuona kuti nzeru za amalume zolondolera mikwaso ndizo zofunika pa njira iliyonse imene tingasankhe. Ndikupempha Mlembi alembe kalata ku nthambi yoona za nyama zakutchire kudzera kwa bwanamkubwa wa boma la Ntchisi, yosainidwa ndi mafumu, yopempha kuti atumize alonda awo odziwa kuthana ndi nyama zoononga mbewu, ndipo amalume adzawalondolere. Mayi Msungichuma atibweretsere mtengo wa matochi, makasu ndi mapiki Loweruka lisanafike.

Membala wa ku Johannesburg: Ndavomera, a Wapampando, koma m'kalatamo mulembe tsiku limene tikuyembekezera yankho, ndipo ngalande yoyamba iyambire kuminda ya amayi amasiye, amene alibe wowalindira usiku.