Kodi "masa" nchiyani pa mwambi wa mbewa zikachuluka?

Abale anga odziwa Chichewa chakuya, makamaka inu amene munakula mukukumba mbewa, ndithandizeni. Lamlungu lapitali agogo anga aakazi anandiuza mwambi umene mpaka lero ukundizungulira m'mutu: "Mbewa zikachuluka siziika masa." Ine ndinabadwira ku Kawale. Mbewa ndimaziona zitapanidwa kale pa timitengo, anyamata akugulitsa m'mbali mwa msewu wa M1 tikamalowera ku Dedza, choncho mawu oti masa ndinali ndisanawamvepo.

Ndiyambe ndi chimene chinachititsa kuti agogo anene zimenezi.

Ndimasewera Clash of Clans, gemu ya pafoni ya kampani ya ku Finland yotchedwa Supercell, yomwe inatuluka mu 2012. Aliyense amamanga mudzi wake, koma mphamvu zenizeni zimakhala m'gulu lomwe amalitcha clan. Clan imodzi sipitirira anthu 50, ndipo maudindo alipo anayi: Leader mmodzi yekha, kenako ma Co-leader, ma Elder ndi ma Member. Elder amatha kulandira munthu watsopano kapena kuchotsa Member. Co-leader amayambitsa nkhondo, amasankha olowa m'nkhondoyo, amakwezanso anzake. Clan yathu ndi ya anyamata ndi atsikana a muno mu Lilongwe, ambiri a ku Area 25, Biwi ndi Chinsapo, ndipo Leader ndine.

Pamene tinkayamba, mnzathu wina wokonda mbiri ya ku Ulaya anafuna kuti tizitchulana maudindo a ku England wakale, wa nthawi ya William amene analanda dzikolo mu 1066. Anatifotokozera kuti mfumu inkagawira malo akuluakulu ake, iwo n'kumabweza popereka asilikali okwera akavalo, ndipo pansi penipeni panali alimi omangika ku minda ya eni malo. Tinakana. Tinati ifenso tili ndi makwerero athu. Leader tinamutcha mfumu, ma Co-leader nduna, ma Elder akuluakulu a m'mudzi, ma Member mbumba. Wina atanena kuti mfumu izitchedwa Kalonga, tonse tinati ayi, dzinalo lili ndi mwini wake, Kalonga Gawa Undi wa ku Mkaika, ndipo si loseweretsa pafoni.

Vuto linabwera ndi ine. Aliyense akadandaula kuti wakhalitsa m'clan koma sakuwerengedwa, ndinkamukweza, ndipo ndinkadzilimbitsa mtima ndi mwambi woti mutu umodzi susenza denga. Pofika mwezi watha, mwa anthu 38 tinali ndi nduna 14.

Nkhondo ya m'gemuyi imayamba ndi tsiku lokonzekera. Pa tsikulo mumayenera kuikirana asilikali m'nyumba ya chitetezo ya mudzi uliwonse umene walowa m'nkhondo, kuti mdani akabwera apeze omutchingira. Si ntchito yovuta, imangofuna munthu woti ayende mudzi ndi mudzi n'kuona pamene palibe kanthu. Pa nkhondo yathu ya Loweruka lapitali palibe amene anayenda. Wina anali ku ukwati, wina bandulo inamuthera, wina magetsi anazima foni n'kuthima, koma ambiri anangoganiza kuti pa nduna zonsezi wina wachita kale. Inenso ndinaganiza chimodzimodzi. Adani anapeza midzi 9 mwa 15 ili pululu, ndipo anakolola nyenyezi zitatuzitatu, zomwe ndi mapointi onse a pa mudzi umodzi, ngati akuthyola mango a m'munsi.

Kutacha ndinapita kwathu ku Mitundu. Ndinapeza agogo atakhala pa mkeka kuseri kwa nkhokwe, lichero pamwendo, akusenda mtedza. Atandiona ndikungoyang'ana foni anati, "Nanga nkhope yagweranji, mdzukulu wanga?" Ndinawafotokozera monga mmene ndikanafotokozera za mudzi weniweni. Anamvetsera osasiya kusenda.

"Ndunazo zilipo zingati?"

"Khumi ndi zinayi, agogo."

"Nanga wotseka pakhomo ndani?"

Ndinasowa choyankha. Apo mpamene ananena mwambi uja, n'kupeta mtedza wawo. Nditawafunsa kuti masa nchiyani anati, "Kafunse amalume ako, ndiwo ankatha tchire ndi khasu."

Amalume anatenga kamtengo n'kujambula pansi. Anati apa ndi pa una, polowera. Njira imatsika, imakhota, mpaka kukafika pa funkha, pamene mbewa imayala udzu n'kumagona. Mbali ina kuli mbuli, pothawira zinthu zikavuta, ndipo wokumba wanzeru amayamba waikapo mnzake pamenepo. Tsono pakati pa njira mbewa imakankhira dothi kumbuyo kwake n'kutseka, kuti njoka kapena munthu akafika aone ngati una wathera pomwepo. Dothi lotsekeralo ndiye masa. Anati mwana wosadziwa akafika pa masa amataya khasu n'kumapita, koma katswiri amapapasa ndi chala, akamva pofewa amadziwa kuti njira ikupitirira. Anawonjezera kuti ukapeza una woyera, wopondedwapondedwa, wopanda masa kuyambira pakhomo mpaka mkati, dziwa kuti muli mbewa zambiri, monga amachitira akapuku.

Mawuwo ndinawamva. Chimene chatsala, chimenenso ndabwerera kwa inu, ndi tanthauzo la mwambi wonse, chifukwa anthu awiri andiuza zosiyana.

Amalume akuti nkhani ndi kusiyirana. Mbewa ikakhala yokha imadziwa kuti ikapanda kutseka yafa, ndiye imatseka. Zikachuluka iliyonse imati mnzanga wakumbuyo atseka, mapeto ake khomo limagona lotsegula. Koma bambo wina wachikulire wa ku Dowa amene ndimagwira naye ntchito akuti ayi, nkhani ndi kudzidalira: zikaona kuchuluka kwawo mantha amatha, zimayesa palibe chingazichite kanthu. Iwo anawonjezeranso mfundo imene sindinaiganizepo, yoti pa una wa mbewa zambiri masa sangakhalitse ngakhale ina itaika, chifukwa iyi ikulowa, iyo ikutuluka, imene yatseka inzake zikutsegula.

Wina anganene kuti zonsezi n'chimodzimodzi. Kwa ine sizili choncho, chifukwa mankhwala ake ndi osiyana. Ngati vuto ndi kuchuluka kwenikweniko, ndiye kuti nditsitse nduna khumi, ndipo ndikudziwa kuti ena achoka ndi mkwiyo, anthu amene tasewera nawo zaka zitatu, amene tinasonkherana ndalama pamene mayi a mmodzi wa ife anagonekedwa m'chipatala. Ngati vuto ndi kusiyirana, kuchuluka kulibe mlandu, chosowa ndi kugawa ntchito.

Ine mtima wanga ukupendekera kwa amalume, ndipo chifukwa chake ndi mwambi wa denga umene ndinkabisalamo uja. Ndinaonapo anthu akukweza denga la nkhokwe kwa agogo komweko. Anali amuna asanu ndi mmodzi, aliyense pamalo pake, wina akuitanira kuti akweze pamodzi. Palibe amene anaima pambali n'kumati ndine nduna. Mwambiwo umanena za anthu ambiri pa ntchito imodzi yooneka, pamene masa ndi kantchito kakang'ono, ka mumdima, kamene palibe amakuyamikira ukakachita. Ntchito zotere ndi zimene zimafa anthu akachuluka.

Ndaganiziranso za maina amene tinabwereka. Kwathu udindo sunali mpando wokha. Nkhoswe ali ndi banja limene amaliyang'anira, namkungwi ali ndi anamwali ake, adzukulu amadziwa kuti maliro akagwa manda ndi awo. Ngakhale mu ufumu wa Maravi, Kalonga wa a Phiri ankalamulira dziko koma za mvula zinali m'manja mwa Makewana wa a Banda ku Msinja, kufupi ndi Dzalanyama, m'boma lathu lomwe lino. Lero tili ndi makwerero kuyambira kwa nyakwawa, gulupu, mpaka kwa ma T/A monga Tsabango, Chadza ndi Kalolo, ndipo aliyense ali ndi dera lodziwika limene amayankhira. Ife tinatenga dzina la nduna, ntchito yake tinaisiya.

Titagonja, nduna ina inati kuyambira tsopano obwera kumene ndiwo azidzaza nyumba zonse za chitetezo, wolephera achotsedwe. Mtsikana wina wa ku Biwi anayankha mawu atatu okha: "Imeneyo ndi thangata." Anandikhudza. Kuthangata poyamba kunali kuthandizana, koma m'minda ya azungu ya kum'mwera mawuwo anasanduka ntchito yokakamiza yolipirira malo okhala, chimodzi mwa zimene zinakwiyitsa John Chilembwe ndi anthu ake mu 1915. Gemu ndi gemu, sindikuyerekeza kuwawa kwake, koma sindikufuna kuti gulu limene ndikutsogolera liphunzitse ana a sekondale kuti wapamwamba amadya dzina, wapansi n'kumasenza ntchito. Ganizo limenelo ndinalikana.

Nkhondo yotsatira tiyambitsa Lachisanu madzulo. Pakadali pano sindinatsitse aliyense. Ndagawa midzi 15 ija kwa nduna zisanu, iliyonse itatu, maina ndalemba poyera, ndipo nduna zotsalazo zidzalandira midzi pa nkhondo za pambuyo pake.

Tsono inu a ku Mchinji, Kasungu, Ntchisi ndi Dedza, kwanu mwambiwu umanenedwa pa nkhani yotani, pa ulesi wosiyirana kapena pa kudzitama kwa gulu? Nanga masa mumawatchula choncho, kapena kuli dzina lina? Ndipo ngati alipo amene anaumvapo ukunenedwa pabwalo la milandu, andiuze kuti mfumu inkadzudzula ndani, anthu ochulukawo kapena amene anawasonkhanitsa osawagawira ntchito.