Pizza ku Old Town Loweruka la kumapeto kwa mwezi: tipite kuti ndi ana komanso agogo?

Abale anga a pagulu pano, makamaka a ku Lilongwe, ndithandizeni nzeru. Mwana wanga wamkazi wakhoza mayeso a Sitandade 8 ndipo wasankhidwira kusekondale yogonera konko. Ali mkati mowerenga ndinamulonjeza kuti akakhoza ndidzamugulira pizza. Ndinkayesa aiwala, koma tsiku lililonse akundikumbutsa ngati ngongole ya katapila.

Loweruka likubwerali tinyamuka ku Dedza m'mawa kudzagula sutikesi, ndowa, bulangete ndi zina za kusukulu. Titsikira ku depoti, tigule mu Malangalanga, kenako tiwoloke mlatho. Tikhala anthu asanu: ine, ana atatu ndi mayi anga. Galimoto tilibe, katundu akhala m'manja. Mayi sadya nkhumba, komanso mano awo sangalimbane ndi chakudya cholimba. Anena kale kuti chinthu chopanda nsima iwo sachiwerengera.

Ndinadyako pizza kamodzi kokha mumzindawu, pamalo ena amene sinditchula. Tinadikira kupitirira ola, akuti magetsi athima, ndipo itabwera inali yozizira, tchizi chitagwirana ngati labala. Sindikufuna mwanayu akumane ndi zomwezo. Tipite kuti pomwe tingakhale pansi, katundu wathu ali pafupi? Nanga anthu asanu tigule zingati?

Mayi wa ku Area 3: Choyamba mwanayo tikumunyadira, apitirize choncho. Poti mukhala kale ku Old Town, pitani ku Mamma Mia ku Old Town Mall. Ndi lesitilanti ya zakudya za ku Italy, mumakhala pansi bwinobwino, phokoso la mu Malangalanga mulisiya kutali. Pizza ya mtundu umenewo imakhala yopyapyala, ndiye mwana wanjala atha kumaliza yonse yekha. Ndi katundu ameneyo musayende wapansi dzuwa lili pamutu, tengani takisi kapena bajaji.

Bambo wa ku Area 25: Achemwali, ine ndiyankhula ngati munthu wa ana anayi. Ana sasamala za ku Italy, amafuna chodzaza m'mimba ndi bokosi loti akaonetse anzawo kunyumba. Pitani ku Debonairs. Ndi ya ku South Africa, inayamba mu 1991 ku Pietermaritzburg, ndipo kuno ili ndi nthambi. Ali ndi ina yotchedwa Triple-Decker, yosanjikiza katatu, imakhutitsa ngati nsima ya mgaiwa. Gulani zazikulu ziwiri, zikwanira. Ikatsala mudyera m'minibasi.

Mayi wa ku Area 3: Bambo, yosanjikizayo agogo aitafuna ndi mano ati?

Bambo wa ku Area 25: Mkati mwakemo ndi mofewa, mayi. Cholimba ndi m'mphepete, amenewo apatse adzukulu.

Wina amene anagwirapo ntchito kukhitchini: Ndikuuzeniko za kumene kumaphikidwako. Pizza yozizira imene munadya ija sivuta kuimvetsa. Uvuni wa magetsi akathima, kapena jenereta ikachedwa kulira, maoda amaunjikana, ndiye zina zimatuluka zitakhalitsa. Ng'anjo ya nkhuni ilibe vuto limenelo, ndipo ikatentha bwino pizza yopyapyala imapsa m'mphindi ziwiri zokha. Choncho kulikonse mungapite, musanalipire funsani kuti akuphikira chiyani komanso pali maoda angati patsogolo panu. Musachite manyazi, ifeyo funso limenelo tinkaliyankha tsiku ndi tsiku.

Za nkhumbazo samalani ndi mayina. Hawaiian imakhala ndi chinanazi ndi ham, ndipo ham nthawi zambiri ndi nkhumba. Bacon ndi salami chimodzimodzi. Malo ena amagwiritsa ntchito za ng'ombe kapena za nkhuku m'malo mwake, koma musangoganizira, funsani. Yosavuta kwa agogo ndi Margherita: tomato, tchizi cha mozzarella ndi timasamba ta basil, basi. Inachokera ku Naples, ndipo mitundu yake, yofiira, yoyera ndi yobiriwira, ndi yofanana ndi ya pa mbendera ya Italy. Mwana wopita ku sekondaleyo mumuuze zimenezo akadzitame nazo kuhositelo.

Mnyamata wa kabaza: Amayi, nthawi ndiye nkhani yaikulu. Loweruka la malipiro pa mlatho paja pamadzaza, magalimoto amangokwawa. Malizani zogula msanga, pofika 11 koloko mukhale mutakhala pansi. Mukafika 1 koloko mupeza mzere. Ndipo chikwama cha ndalama chikhale kutsogolo mukamadutsa pamsika, ndimaona zambiri pamenepo.

Mayi wina: Ine ndiye ndidabwa. Ndalama ya pizza ziwiri si mungagule nkhuku, mpunga wa Kilombero ndi mafuta n'kudya banja lonse masiku awiri?

Wofunsa: Zoona amayi, masamu amenewo ndawerengera kale usiku wonse. Koma nkhuku timadya pa Khirisimasi iliyonse, ndipo chimene ndinalonjeza si nkhuku. Zikomo nonse. Ndaganiza zoimbira malo onse awiri Lachisanu kuti ndimve mitengo, popeza masiku ano mtengo wa mwezi watha sugwira ntchito. Tigula imodzi ya nkhuku ndi Margherita imodzi. Funso lina laling'ono: kodi amalola kulowa ndi ndowa ndi sutikesi, kapena atibweza pakhomo?

Wina amene anagwirapo ntchito kukhitchini: Sangakubwezeni. Pemphani tebulo la pakona, katundu mumuike kukhoma. Agogo muwaitanitsire tiyi wamkaka, pizza itsika bwino.

Bambo wa ku Area 25: Komabe ufa usathe kunyumba. Mukafika ku Dedza madzulo agogo afunsa kuti lero tidya nthawi yanji.