Kodi ku England ankanyongadi munthu chifukwa cha nkhosa imodzi?

Bambo a Mwaiwathu, Chadiza:
Abale, ndithandizeni. Mwezi watha akuba anathyola khola lathu usiku n'kukusa mbuzi zonse, ndi yabere yomwe, imene amayi akunyumba ankasungira mwana wopita ku koleji. Kutacha tinangopeza chingwe chodula ndi mapazi olowera chakumalire. Amalume atabwera kudzatipepesa anati ku England kale wakuba nkhosa imodzi ankanyongedwa, umbava n'kutheratu, ndipo ife ku Zambia kuno tinalakwa kuchotsa chilango cha imfa mu 2022. Sindibisa, mtima wanga uli kumbali yawo. Koma kodi zinalidi choncho?

A Tembo, mphunzitsi, Chipata:
Pepani kwambiri bambo, mbuzi ndiye banki yathu kumudzi. Zonyongazo amalume sananame. Lamulo la 1741 linati wakuba nkhosa afe. Milandu ya imfa inali pafupifupi 50 mu 1688, koma pofika cha m'ma 1820 inali itapitirira 200. Ku London ankanyongera pa malo otchedwa Tyburn mpaka 1783, khamu likuonerera. Pamene ndikusiyana nawo ndi pakuti umbava unatha. Apolisi onga a lero anayamba mu 1829. Kale lonselo woberedwa ndiye ankasaka yekha wakuba n'kulipira za kukhoti. Ndiye taganizani, mwadziwa kuti wakuberani nsalu ndi mnyamata wa aneba, ndipo mukamusumira afa. Ambiri ankangousiya mlandu. Anthu wamba 12 ogamula mlandu nawonso ankatsitsa dala mtengo wa chobedwacho kuti chingwe chisamufike munthu. Samuel Romilly, phungu wa nyumba ya malamulo, anaima pa mfundo yomweyi mu 1808 pochotsetsa chilango cha imfa kwa opisa m'matumba: lamulo likaopsa kwambiri, anthu amaleka kuligwiritsa ntchito, wakuba n'kumayenda.

Amayi Zulu, Katete:
Aphunzitsi, musaiwale amene chingwe chinkawagwira. Pa milandu ina, wolakwa koyamba akawerenga Salimo 51 pamaso pa woweruza ankapulumuka, ankangomuotcha chizindikiro pa chala chachikulu kuti asadzapulumukenso kachiwiri. Wosapita kusukulu akalephera kuloweza mawuwo, ndiye wapita. Ine chimandiwawa kwambiri ndi cha Margaret Clitherow, mkazi wa wogulitsa nyama ku York. Mu 1586 anamugwira chifukwa chobisa ansembe achikatolika. Anakana kuvomera kapena kukana mlandu, kuopa kuti ana ake angawaitane kudzachitira umboni. Anamugoneka chagada, mwala wosongoka kumsana, chitseko pamwamba, n'kumasanjikiza zolemera mpaka anafa. Anali mayi wa ana ngati ine, sanabe kanthu. Chilango chimenecho chinakhalabe m'malamulo mpaka 1772.

A Jere, Mtenguleni:
Amayi, za chifundozo n'zabwino kwa amene sanaberedwepo ng'ombe yolimira mvula ili pafupi. Ine sindikuti anyongedwe. Koma wogwidwa azilawako mkwapulo mpaka atchule amene amagula nyamayo, chifukwa wakuba sayenda yekha.

A Tembo:
A Jere, kupweteka kwanu ndikukumva, ndipo za wogula nyama mwalasa. Koma ngakhale Angelezi omwe ankanyonga chifukwa cha nkhosawo sankalola kuzunza munthu pofufuza mlandu wamba. Pankafunika chilolezo cha mfumu kapena nduna zake, makamaka pa milandu youkira boma ndi ya chipembedzo. Guy Fawkes, amene anafuna kuphulitsa nyumba ya malamulo mu 1605, anazunzidwa mu ndende ya Tower of London molamulidwa ndi mfumu James I. Dzina limene analemba atavomera likuoneka kuti dzanja linkanjenjemera, zilembo zili zokhotakhota. Iyeyo anapezedwa ndi migolo ya onga, panalibe chokaikitsa. Nanga mnyamata amene mwangomuganizira chifukwa anadutsa pafupi ndi khola? Mkwapulo ukalimba adzatchula aliyense, ngakhale mlamu wanu, kuti mumusiye. Chilolezo chomaliza chozunzira munthu ku England chinaperekedwa mu 1640, zaka 101 lamulo la nkhosa lija lisanabwere.