Ndapatsidwa udindo wosunga nzeru za ofesi yathu, kodi ndiyambire pati?

Membala wobisa dzina:
Moni nonse a kuno ku Joni. Ndabisa dzina chifukwa ena amene amandidziwa ali m'gulu lomwe lino. Ndimagwira ntchito m'nthambi ina ya boma yokonza mapulani a chitukuko, ndipo abwana andiuza kuti kuyambira mwezi wamawa ndiziyang'anira zimene iwo akuzitcha knowledge management, kutanthauza kusonkhanitsa ndi kusunga nzeru ndi zolemba za ofesi kuti zisatayike. Malipiro sanawonjezere, wondithandiza palibe, ndipo tebulo langa alisunthira pakhomo pamene aliyense wodutsa amandituma kuti ndimusindikizire makalata. Zonsezi zayamba chifukwa bambo amene ankalemba malipoti athu kwa zaka zambiri anapuma pantchito, ndipo titafuna kudziwa mmene anapezera ziwerengero za m'lipoti la chaka chatha, tinazindikira kuti zonse zinali m'laputopu yake ndi m'mutu mwake. Chondipweteka kwambiri n'chakuti amene anatumizidwa kumaphunziro a zimenezi ndi mnzanga wina, koma ntchito yagwera ine, ndipo iyeyo akukana kundibwereka ngakhale mapepala amene anabwera nawo. Usiku sindikugona. Chonde ndithandizeni.

Mayi a ku Midrand:
Achemwali, simunatiuze ngati ofesiyo ili kuno kapena kumudzi, komanso muli anthu angati. Malangizo oyenera adalira pamenepo.

Bambo a ku Rosettenville:
Mwana wanga, zimene akuzitcha dzina lachilendozo ife tinkazichita kale popanda kompyuta. Ndinagwira ntchito m'boma kumudzi ndisanabwere kuno, ndipo kalata iliyonse inkadutsa ku registry, inkalandira nambala, n'kulowa m'fayilo yake, ndipo wotenga fayilo ankasayina m'kaundula. Mesenjala wathu ankadziwa fayilo iliyonse pamene yagona kuposa mabwana. Taonani mapulani amene dziko lathu lalemba: Vision 2020 mu 1998, MGDS (ndondomeko ya chitukuko cha dziko ya zaka zisanu) yoyamba mu 2006, yachiwiri mu 2011, yachitatu mu 2017, kenako Malawi 2063 mu Januwale 2021. Ine ndimafunsa kuti pamene ankalemba atsopano, ndi angati anatsegula mafayilo a akale kuti aone chimene chinalephereka. Bwezeretsani registry, zina zonsezo n'zongodyera ndalama za maphunziro.

Achimwene a ku Randburg:
Bambo, ndi ulemu wonse, pepala limadyedwa ndi chiswe ndipo silifufuzika. Ine ntchito yanga ndi ya makompyuta. Achemwali, pemphani SharePoint kapena malo amodzi osungira mafayilo pa seva ya ofesi, mugwirizane njira imodzi yotchulira mayina a mafayilo, kuyamba ndi chaka kenako mutu wake, ndipo muletse zosunga ntchito ya boma pa flash kapena kutumizirana pa WhatsApp.

Bambo a ku Rosettenville:
Mnyamata, mu 2013 pa nthawi ya Cashgate zolemba za malipiro zinkafufutidwa m'kompyuta ya IFMIS yoyendetsera ndalama za boma, osati m'kaundula wa pepala. Chiswe chimatenga zaka kuti chimalize fayilo, koma chala cha munthu chimangodina kamodzi.

Achimwene a ku Randburg:
Komatu akatswiri anatha kuzilondoloza chifukwa kompyuta imasiya mapazi. Fayilo ya pepala ikatuluka pakhomo m'chikwama cha munthu, palibe amene angaipezenso.

Mayi a ku Turffontein:
Nonse awiri mukunena zoona. Malemu amuna anga fayilo yawo ya penshoni inasowa muofesi ina kumudzi, ndipo ndinakwera basi kuchokera ku Park Station maulendo atatu, ulendo uliwonse akundiuza kuti amene ankaidziwa anasamutsidwa. Pamapeto inapezeka pansi pa makatoni. Mukamasunga zinthuzo muzikumbukira kuti kuseri kwa fayilo kuli amasiye.

Amalume a ku Yeoville:
Nzeru yachidule ndi yakuti mugule nkhuku, mupite nayo kwa bambo anapumawo, mugwade, ndipo mubwerere ndi laputopu.

Mayi a ku Midrand:
Amalume akuseka koma akhudza penipeni. Mafayilo ndi gawo limodzi chabe, gawo lovuta ndi zimene munthu amadziwa koma sanalembe, monga chifukwa chimene anasankhira ziwerengero za kalembera wa 2018 m'malo mwa zina, kapena munthu amene amamuimbira akafuna manambala msanga. Pemphani abwana kuti amuitane bamboyo kwa masiku ochepa, mukhale naye pansi, adutse m'lipotilo tsamba ndi tsamba inu mukulemba kapena kujambula mawu iye atavomera. Kenako lembani mndandanda wa ena amene atsala pang'ono kupuma, ndipo pasakhale wochoka kapena wosamutsidwa asanasiye chikalata chofotokoza ntchito yake. Pali muyezo wa ISO 30401 wa 2018 wonena za zimenezi, ungakuthandizeni pokambirana ndi abwana. Koma ndikubwereza funso langa, ofesi ili kuti? Ngati ili kuno, kusunga ndi kutaya zolemba za boma kuli ndi malamulo ake, ndipo POPIA, lamulo la kuno loteteza zinsinsi za anthu, ikukhudzani pa zonse zokhudza anthu. Ngati ili kumudzi, muyenera kuyankhula ndi a National Archives ku Zomba, komanso kuwerenga lamulo la Access to Information, lopatsa anthu ufulu wopeza zolemba za boma, limene linayamba kugwira ntchito mu 2020.

Bambo a ku Rosettenville:
Mayi, muyezo umenewo sunalembedwe ndi munthu amene anagwirapo ntchito muofesi yopanda magetsi. Kuno anakhazikitsa National Planning Commission yawo, bungwe lokonza mapulani a dziko, mu 2010 pansi pa nduna Trevor Manuel, natulutsa pulani ya 2030 mu 2012, ndipo kwathu tinakhazikitsa yathu mu 2017 kuti mapulani asamafe boma likasintha. Zonsezo n'zabwino, koma popanda kalaliki wosamala mafayilo, bungwe lililonse limaiwala. Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, koma inu mumawapumitsa n'kulemba ntchito ana odziwa kudina basi.

Achimwene a ku Randburg:
Bambo, funso lafunsidwa ndi wina, koma mwalemba kuposa tonse.

Bambo a ku Rosettenville:
Ndalemba zambiri chifukwa ndaona zambiri.

Membala wobisa dzina:
Zikomo nonse. Mayi a ku Midrand, za kumene kuli ofesi ndingakonde kusanena pagulu. Ndinaiwala kutchula kuti bambo anapumawo anachoka atayambana ndi abwana, ndipo foni ya kuofesi sayankha. Lero mnzanga uja wandiuza kuti mapepala a kumaphunziro anawasiya m'basi.

Amalume a ku Yeoville:
Zikatero nkhuku siikwana, konzekerani mbuzi.